Alangizi a Andale, Oyimira Makampani ku Boma ndi Othirira Ndemanga: Mafunso ndi Mayankho

Chisankho chikatha, maso a anthu amakhala pa amene wapambana ndi nduna zimene ati asankhe. Koma m'masabata omwewo mumatulukanso mayina ena amene ambiri amangowadumpha m'nyuzipepala: wakuti wakhala mlangizi wa Pulezidenti pa zachuma, wakuti ndiye mneneri watsopano wa ku nyumba ya boma, mtolankhani uja tinkamuonera pa kanema watsanzika anzake, walowera ku Kamuzu Palace. Achinyamata amene akuphunzira zandale, zamalamulo kapena utolankhani amafunsa kawirikawiri ngati zimenezi zili ntchito zoti munthu n'kuziikira mtima. Nawa ena mwa mafunso awo.

Kodi ntchito zitatuzi n'zapachibale? Zikumveka ngati zosiyana kwambiri.

Pa kalata yolembera munthu ntchito n'zosiyanadi. Mlangizi amakhala mkati, kumbuyo kwa nduna kapena Pulezidenti. Woyimira kampani kapena bungwe ku boma amakhala panja, akugogoda. Wothirira ndemanga amakhala pa wailesi, pa kanema kapena m'nyuzipepala n'kumafotokozera anthu zimene zikuchitika mkatimo. Koma onse atatu amagulitsa katundu mmodzi: amadziwa mmene chiganizo cha boma chimapangidwira, amene amachiyambitsa, amene angachiimitse, ndi nthawi yabwino yotsegula pakamwa. N'chifukwa chake munthu mmodzi amatha kudutsa m'ntchito zonsezi pa moyo wake.

Taonani David Cameron wa ku Britain. Atamaliza maphunziro ku Oxford mu 1988 analowa mu nthambi yofufuza ya chipani cha Conservative. Mu 1992 anakhala mlangizi wapadera wa nduna ya zachuma, Norman Lamont, kenako wa nduna ya zam'dziko, Michael Howard. Mu 1994 anachoka m'boma n'kukakhala wolankhulira kampani ya kanema ya Carlton, komwe anakhalako mpaka 2001 pamene anasankhidwa kukhala phungu. Mu 2010 anakhala nduna yaikulu. Atatula pansi udindo mu 2016 anadzalowa ntchito ku kampani ya zandalama ya Greensill Capital, ndipo mu 2020 ankatumiza mauthenga pa foni kwa nduna ya zachuma ya nthawiyo, Rishi Sunak, kupempha kuti kampaniyo ilowetsedwe mu ndondomeko ya ngongole zothandiza makampani pa nthawi ya Covid-19. Nkhaniyi itaululika mu 2021 inamuchititsa manyazi, ngakhale kuti anapezeka kuti sanaphwanye lamulo. Munthu yemweyo, nzeru zomwezo, nambala za foni zomwezo. Chimene chinkasintha ndi amene akumulipira.

Tiyambe ndi mlangizi. Tsiku lonse amakhala akuchita chiyani?

Anthu amaganiza kuti amakhala pa mpando wandalema n'kumayembekeza kuti bwana amufunse nzeru zakuya. Zoona zake n'zakuti ntchito yambiri ndi yowerenga, yolemba ndi yoimba foni.

Tinene kuti nduna ikupita mawa kukatsegula sukulu ku Ntchisi. Usiku wa lero mlangizi ayenera kukhala atadziwa kale kuti nduna imene inapitako komaliza inalonjeza mlatho uti, ndipo mlathowo uli pati; kuti mfumu yaikulu ya deralo ili pa mkangano wa malire ndi mnzake, choncho mayina awo atchulidwe mosamala; kuti phungu wa kumeneko sakumwerana madzi ndi khansala; kuti aphunzitsi sanalandire ndalama zawo zina ndipo mwina wina adzutsa nkhaniyo pa gulu. Zonsezi aziike pa tsamba limodzi, chifukwa nduna idzaliwerengera m'galimoto pakati pa Lilongwe ndi Mponela, foni ikulira. Kenako alembe zokalankhula, mwa mawu oti nduna iwamve ngati ake. M'mawa adzuke anthu asanadzuke, aone zimene The Nation ndi The Daily Times zalemba, amvere nkhani za pa wailesi, aone zimene zikuyenda pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, kuti mtolankhani akafunsa funso pa khomo la sukulu, ndunayo isachite kakasi.

Alangizi alipo amitundu ingapo. Ena ndi a mfundo: amadziwa za misonkho, za feteleza, za mankhwala, za ngongole za boma. Ena ndi a ndale zenizeni: amadziwa amene akudandaula m'chipani, chigawo chimene chikuterereka, munthu amene ayenera kuitanidwa ku chakudya asanapse mtima. Ena ndi a zofalitsa nkhani. Pa nthawi ya kampeni pamabweranso akatswiri a kafukufuku wa maganizo a anthu.

Gawo lovuta kuposa onse ndi kuuza bwana zimene sakufuna kumva. Anthu ozungulira mtsogoleri amadya chifukwa cha iye, ndiye ambiri amamuuza zomukomera: bwalo linadzaza, amayi anavina mpaka madzulo, mavoti ndi athu. Mlangizi weniweni ndi amene amakumbutsa kuti ena mwa anthu aja anabwera pa malole a chipani. Kuno kwathu kafukufuku wa Afrobarometer wakhala akuchitika kuyambira 1999, ndipo bungwe la IPOR la ku Zomba limafunsa anthu maganizo awo chisankho chisanachitike. Chizolowezi chathu n'chakuti chipani chimene kafukufuku wachiika kumbuyo chimanyoza ofufuzawo. Chisankho chobwereza cha pa 23 June 2020 chisanachitike, kafukufuku wa IPOR anaonetsa kuti a Lazarus Chakwera ali patsogolo, ndipo zinaterodi. Ntchito ya mlangizi pa nthawi ngati imeneyo ndi kutenga manambalawo n'kukawayala pa tebulo la bwana, ngakhale mneneri wa chipani atawanyoza kale pa wailesi.

Nanga akusiyana pati ndi mlembi wamkulu mu unduna? Nayenso amalangiza nduna.

Mlembi wamkulu ndi wogwira ntchito m'boma. Amayenera kutumikira boma lililonse limene anthu asankha, amasaina za ndalama za unduna, ndipo ndi amene amakayankha pamaso pa komiti ya Nyumba ya Malamulo ndalama zikasokonekera. Malamulo aakulu a dziko lino amateteza ogwira ntchito m'boma kuti asamagwiritsidwe ntchito za chipani, ngakhale tonse tikudziwa kuti boma likasintha alembi ambiri amasinthidwanso. Mlangizi wandale amabwera ndi bwana wake n'kuchoka ndi bwana wake. Amaloledwa kuganizira mavoti, zimene mlembi sayenera kuchita poyera.

Ku Britain malire amenewa anawalemba bwino. Alangizi apadera anayamba kuchuluka pa nthawi ya Harold Wilson, amene anakhala nduna yaikulu mu 1964, ndipo lamulo la mu 2010 linakhazikitsa udindo wawo: saloledwa kuvomereza kuti ndalama za boma zigwiritsidwe ntchito, saloledwa kuyang'anira ogwira ntchito m'boma, ndipo chaka chilichonse boma limasindikiza mayina awo ndi malipiro a amene amalandira zambiri. Masiku ano alipo opitirira 100.

Bwanji alangizi ena amatchuka kuposa nduna?

Kutchuka kumeneko kawirikawiri ndi chiyambi cha mapeto awo. Mlangizi alibe voti imene inamuika pamenepo. Mphamvu zake ndi zobwereka. Tsiku limene atolankhani ayamba kulemba za iye m'malo molemba za bwana wake, wasanduka katundu wolemera.

Alastair Campbell anali mkonzi wa nkhani zandale ku nyuzipepala ya Daily Mirror asanakhale mneneri wa Tony Blair. Kuyambira 1997, Blair atakhala nduna yaikulu ya Britain, ankaopedwa ndi nduna zomwe. Mu 2003 anakangana kwambiri ndi BBC pa nkhani ya chikalata chimene boma linagwiritsa ntchito pofotokoza chifukwa chopitira ku nkhondo ya ku Iraq, ndipo mu August chaka chomwecho anatula pansi udindo. Dominic Cummings, amene anatsogolera kampeni yotulutsa Britain mu European Union mu 2016, anakhala mlangizi wamkulu wa Boris Johnson mu 2019. Mu 2020, boma litaletsa anthu kuyendayenda chifukwa cha mliri, zinadziwika kuti iye anayenda ulendo wautali kupita ku Durham, n'kukafikanso ku Barnard Castle. Anachita kuitanitsa atolankhani m'munda wa maluwa wa ku Downing Street kuti adziyeretse, chinthu chachilendo kwa munthu wosasankhidwa ndi anthu. Pofika November chaka chomwecho anali atachoka.

Palinso ngozi ina, imene imagwera makamaka aneneri: kuzolowera kuona chilichonse ngati nkhani yofunika kuikonza. Pa 11 September 2001, nyumba zitaliatali za ku New York zikuyaka, mlangizi wina wa nduna ya zamtengatenga ku Britain, Jo Moore, analemba imelo yonena kuti limeneli ndi tsiku labwino lotulutsira nkhani zoipa za unduna, popeza palibe amene aziona. Imeloyo inaululika, ndipo mu February 2002 anasiya ntchito.

Ifenso tili ndi chitsanzo chathu, ndipo n'chachikulu kuposa chimenecho. A Bingu wa Mutharika anakomoka ku nyumba ya boma pa 5 April 2012 n'kumwalira tsiku lomwelo. Dziko silinauzidwe. Usiku wa pa 6 April nduna zisanu ndi imodzi zinaonekera pa kanema wa MBC n'kunena kuti Mayi Joyce Banda sangatenge utsogoleri chifukwa anayambitsa chipani chawo, koma za imfayo sizinanene. Pa 7 April imfa inalengezedwa ndipo Mayi Banda analumbiritsidwa monga malamulo amanenera. Anthu mpaka lero amazitchula nduna zija kuti Midnight Six. Aliyense wofuna ntchito yolankhulira boma aziwerenga bwino nkhani ya usiku umenewo, chifukwa tsiku lina adzapatsidwa pepala loti awerenge, akudziwa kuti chenicheni sichili pa pepalapo.

Nanga oyimira makampani ku boma? Kodi si ziphuphu zomwe zija, kungoti zavala suti?

Funsoli ndi labwino, ndipo yankho lake si “ayi” wachangu. Tiyambe ndi chimene ntchitoyi ili ikamachitika mwachilungamo.

Boma likafuna kukweza msonkho pa zakumwa, kusintha malamulo a mbewu kapena kuika mtengo watsopano wa ziphaso za makampani a foni, pali anthu amene zikuwakhudza, ndipo ali ndi ufulu womvedwa. Phungu mmodzi sangadziwe zonse za mabanki, za fodya, za migodi ndi za mankhwala. Woyimira kampani kapena bungwe amawerenga bilu ndime ndi ndime, amapeza mawu amene angapweteke omutuma, amalemba maganizo awo, amakaonekera ku komiti, amapempha kukumana ndi mkulu wa nthambi mu unduna. Nthawi zambiri nkhondo yake yonse imakhala pa chiganizo chimodzi mu bilu ya masamba 80, kapena pa tsiku limene lamulo liyambe kugwira ntchito. Amene amachita bwino ntchitoyi amadziwa kuti kulankhula bilu ikafika kale m'Nyumba ndi kuchedwa. Malo olankhulira ndi pamene ikulembedwa ku unduna.

Munthu ameneyu ali ngati nkhoswe. Nkhoswe imalankhulira mbali imodzi, ndipo palibe amene amaidzudzula pa chimenecho, chifukwa aliyense pabwalopo akudziwa kuti ndi ya kuchimuna kapena ya kuchikazi. Vuto limayamba munthu akamalankhulira mbali imodzi akudzionetsa ngati alibe mbali, kapena akabwera ndi envelopu m'thumba la jekete.

Mayiko amene ntchitoyi inakula anayesa kuthana ndi vutoli pokakamiza anthu kuulula amene akuwatuma. Ku America, lamulo la mu 1938 limafuna kuti aliyense wolankhulira boma lakunja alembetse, ndipo lamulo la mu 1995 limafuna kuti oyimira makampani, amene kumeneko amawatcha ma lobbyist, alembetse n'kumanena amene akuwalipira, ndalama zake, ndi nkhani zimene akulimbana nazo. N'chifukwa chake tikudziwa kuti m'zaka zaposachedwapa ndalama zopita ku ntchitoyi ku Washington zimapitirira madola 4 biliyoni pa chaka, ndipo olembetsa ndi opitirira 12,000. Msewu wa K Street unatchuka chifukwa cha maofesi awo. Kaundulayu sanathetse katangale: Jack Abramoff, mmodzi wa otchuka kwambiri pa nthawi yake, anavomera milandu mu January 2006 n'kupita kundende. Koma kaundulayo anapatsa atolankhani ndi ofufuza poyambira. Britain inakhazikitsa kaundula wake ndi lamulo la mu 2014, koma analowetsamo okhawo amene amalembedwa ganyu ndi makasitomala osiyanasiyana, n'kusiya olembedwa ntchito ndi kampani imodzi. Mpata umenewo ndi umene unapulumutsa Cameron.

Kuno ku Malawi ntchito imeneyi ilipo?

Ilipo, kungoti siyenda ndi dzina limodzi. M'mabanki, m'makampani a foni, a shuga, a fodya ndi a zakumwa muli maofesi oona za ubale wa kampani ndi boma komanso anthu. Mabungwe ngati MCCCI ya amalonda, ECAMA ya akatswiri a zachuma ndi ICAM ya akatswiri owerengera ndalama amapereka maganizo awo chaka chilichonse nduna ya zachuma ikamayendera Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu kumva zofuna za anthu bajeti isanalembedwe. Amene amalemba maganizo amenewo akugwira ntchito yomweyi.

Ndipo si amalonda okha. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma silinagwe kumwamba. MISA Malawi ndi mabungwe anzake analikankha kwa zaka zopitirira 10. Aphungu analivomereza mu December 2016, linasainidwa mu February 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Onani zaka zitatu ndi theka zimene zili pakati pa kusaina ndi kuyamba kugwira ntchito: m'ntchito imeneyi, tsiku limene aphungu avomereza bilu si tsiku lomaliza ntchito. Chimodzimodzi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu February 2017 kumene kunaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Kunabwera mabungwe omenyera ufulu wa atsikana ndi mafumu atayenda maulendo ambiri m'maofesi ndi m'makomiti.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti m'dziko laling'ono ngati lathu, mmene aliyense anaphunzira ndi wina, amapemphera ndi wina kapena anakwatira kwa wina, zambiri zimakambidwira pa maliro, pa ukwati ndi pa bwalo la gofu, ndipo sizilembedwa paliponse. Wachinyamata wolowa ntchitoyi adziwe Lamulo la Katangale la mu 1995 monga amadziwira nambala yake ya foni, ndipo zimene akupempha ku boma azizilemba m'kalata imene sangachite nayo manyazi itafika m'manja mwa mtolankhani kapena a ACB.

Timamvanso za alangizi akunja amene amabwera ku Africa pa nthawi ya chisankho. Amenewo ndi otani?

Ena ndi akatswiri abwinobwino a kafukufuku ndi mauthenga. Koma mbiri ya ena ndi yoipa. Paul Manafort, amene anatsogolera kampeni ya Donald Trump kwa miyezi ingapo mu 2016, anayambitsa ndi anzake kampani ku Washington mu 1980, ndipo mwa amene kampaniyo inawalankhulira munali Jonas Savimbi wa UNITA ku Angola ndi boma la Mobutu Sese Seko ku Zaire. Mu 2018 Manafort anapezeka wolakwa pa milandu ya misonkho ndi yonamiza mabanki, yochokera ku ntchito imene ankagwira ku Ukraine. Trump anamukhululukira mu December 2020.

Ku South Africa, kampani ya ku London ya Bell Pottinger inalembedwa ntchito mu 2016 ndi kampani ya banja la Gupta, limene linkanenedwa kuti likulamulira boma la Jacob Zuma kuchokera kuseri. Inkalandira mapaundi 100,000 pa mwezi. Njira imene inasankha inali yokolezera chidani cha mitundu, kuti anthu asiye kuyang'ana a Gupta n'kuyamba kuloza chala azungu olemera. Atolankhani a ku South Africa anaulula zonse, chipani cha Democratic Alliance chinakadandaula ku bungwe loyang'anira ntchitoyi ku Britain, ndipo mu September 2017 kampaniyo inachotsedwa m'bungwelo n'kugwa mwezi womwewo. Cambridge Analytica, imene inagwira ntchito pa kampeni za Uhuru Kenyatta ku Kenya mu 2013 ndi 2017, inatsekedwa mu 2018 chifukwa cha nkhani yotenga zinsinsi za anthu pa Facebook.

Mlendo wotere chisankho chikatha amakwera ndege. Otsala ndi chidanicho ndi eni dziko.

Tibwere kwa othirira ndemanga. Munthu amakhala bwanji “katswiri pa ndale”? Amamusankha ndani?

Palibe amene amapereka satifiketi. Amamusankha ndi mtolankhani amene nthawi yamuthera. Ndi 4 koloko madzulo, nkhani iyenera kulowa, mkonzi akufuna mawu a munthu wosakhala wa chipani, ndipo mtolankhani amaimbira amene akudziwa kuti ayankha foni, alankhula ziganizo zitatu zomveka, ndipo sadzabwera mawa kudzakana mawu ake. Amene amachita zimenezi amaimbiridwanso. Pakatha chaka, dzina lake lazolowereka. N'chifukwa chake timamva anthu omwewomwewo akuthirira ndemanga pa za mafuta lero, za makhothi mawa, za mpira mkuja. Kupezeka msanga kumaposa kudziwa, ndipo ndi vuto la atolankhani monga lilili la akatswiriwo.

Wothirira ndemanga wabwino amawonjezera chinthu chimene womvera analibe: ndime ya lamulo imene ikukhudza nkhaniyo, zimene zinachitika ulendo wapita, chifukwa chimene mbali iliyonse ikuchitira zimene ikuchitazo. Amene amangonena kuti “boma lichitepo kanthu” sanatiuze kalikonse. Ofunika kuwatsanzira ndi amene amalemba mlungu ndi mlungu n'kumaima pa zimene alemba, monga ankachitira malemu Raphael Tenthani ndi danga lake la Muckraking mpaka pamene anamwalira pa ngozi ya galimoto mu May 2015.

Ntchitoyi ili ndi minga yake. Mu February 2011 mkulu wa apolisi wa nthawiyo, a Peter Mukhito, anaitanitsa a Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa zandale ku Chancellor College, chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, chofanizira kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi zimene zinayambitsa zipolowe kumpoto kwa Africa. Aphunzitsi anzawo ananyanyala ntchito pomenyera ufulu wophunzitsa mosaopsezedwa, ndipo maphunziro ku kolejiyo anasokonekera kwa miyezi yambiri. Amenewo anali mawu a m'kalasi chabe, osati a pa wailesi.

Amalipidwa?

Pa ndemanga ya pa foni, nthawi zambiri ayi. Ambiri ali ndi ntchito ina, ya uphunzitsi, ya uloya kapena ya m'bungwe, ndipo kumveka pa wailesi kumawabweretsera maganyu a kafukufuku ndi kuitanidwa ku misonkhano. Ku America ndiye makampani a kanema amalemba anthu otere pa kontirakiti yolemera. George Stephanopoulos anachoka kwa Bill Clinton n'kupita ku ABC News. Jen Psaki anasiya uneneri wa Joe Biden mu May 2022 n'kulowa ku MSNBC. Campbell uja masiku ano amadziwika ndi pulogalamu ya pa intaneti ya The Rest Is Politics, imene anayamba ndi Rory Stewart mu 2022.

Ndiye tingakhulupirire bwanji munthu amene dzulo anali pa kanema, lero ali m'boma, mawa wabwereranso pa kanema?

Kuyenda kumeneku kuno takuona kwambiri. Mu 2020 a Brian Banda anachoka ku Times n'kukakhala mneneri wa Pulezidenti. A Gospel Kazako, amene anayambitsa wailesi ya Zodiak, anakhala nduna yofalitsa nkhani. A Timothy Mtambo anachoka pa utsogoleri wa HRDC n'kulowa ndale, kenako n'kukhala nduna. A Chinsinga aja anasankhidwa kukhala nduna ya maboma aang'ono mu January 2022. Palibe cholakwika kuti munthu wodziwa zinthu akatumikire dziko lake, ndipo amene anakhalapo mkati amabwerako akudziwa zimene wongoyang'anira panja sangazidziwe. Koma nzika ili ndi ufulu wodzifunsa ngati ndemanga za dzulo zinali kalata yofunsira ntchito, ndiponso ngati za mawa zidzakhale zobwezera amene anamuchotsa.

Ine ndimaona kuti funso lothandiza si lakuti munthuyu ali ndi mbali kapena ayi, pakuti pafupifupi aliyense ali nayo. Funso ndi lakuti: kodi watiuza? Mu January 2005 ku America zinaululika kuti wothirira ndemanga wina wotchuka, Armstrong Williams, analandira madola 240,000 ochokera ku unduna wa zamaphunziro kuti azitamanda lamulo latsopano la sukulu la boma la George W. Bush, osauza omvera ake. Mwina maganizowo anali akedi. Chimene chinamugwetsa ndi kubisa. Kuno, wailesi ikamuitana munthu kuti “katswiri pa ndale” pamene mwezi watha ankalembera chipani manifesito, wolakwa woyamba ndi wailesiyo. Kunena kuti “amene analinso mlangizi wa chipani chakuti” kumatenga masekondi atatu.

Mayiko ena amaika nthawi yodikira. Ku America senata akachoka pa udindo saloledwa kukalankhulira makampani kwa anzake akale kwa zaka 2, ndipo phungu wa nyumba inayo kwa chaka chimodzi. Anthu amapezabe njira zozembera, podzitcha alangizi a kampani m'malo mwa ma lobbyist, koma malirewo alipo. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo m'ntchito izi wovumbwa nthawi zambiri amakhala womvera amene sakudziwa za phanga lachiwirilo.

Munthu aphunzire chiyani kuti alowe m'ntchito zimenezi?

Palibe digiri imodzi. Ambiri amachokera ku zandale ndi kayendetsedwe ka boma, zachuma kapena zamalamulo ku University of Malawi ku Zomba, ena ku utolankhani ku MUBAS kapena ku MIJ. Koma pepala limangotsegula chitseko choyamba. Chofunika kwambiri ndi kutha kulemba tsamba limodzi lomveka pa nkhani yovuta, m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe, chifukwa uthenga umene sungathe kunenedwa pa msonkhano wa ku Mitundu sunathe kukonzedwa. Chachiwiri ndi kudziwa kuwerenga bajeti. Anthu otha kutsegula mabuku aakulu aja n'kupeza mzere umene wasintha ndi ochepa modabwitsa, ndipo amafunidwa ndi mbali zonse. Chachitatu, sankhani gawo limodzi, kaya ndi mphamvu zamagetsi, malo, ulimi kapena migodi, n'kulidziwa mpaka pansi.

Polowera pake ndi pa ntchito zazing'ono: kuthandiza phungu kufufuza, kulemba malipoti m'bungwe loona za mfundo za boma, kutola nkhani za ku Nyumba ya Malamulo, kudzipereka pa kampeni. Pitani mukakhale m'chipinda cha alendo ku Nyumba ya Malamulo bilu ikamakambidwa, muwerenge Hansard. Ndipo samalani zimene mumalemba pa Facebook lero, chifukwa tsiku limene dzina lanu lidzalengezedwe, wina adzazifukula.

Nanga ndalama zake, ndipo ntchitoyi imakhalitsa?

Zokhalitsa ndi za m'makampani ndi m'mabungwe, chifukwa boma lililonse limene lingabwere, kampani iyenera kulankhula nalo. Kumeneko munthu wodziwika kwambiri ndi chipani chimodzi amavutika chipanicho chikagwa, ndiye olemba ntchito amakonda amene amalonjerana ndi mbali zonse.

Ulangizi wandale umalipira bwino pamwamba pokha. Ku Britain, Sue Gray, mkulu wa ofesi ya Keir Starmer, ankalandira mapaundi 170,000 pa chaka, kuposa nduna yaikuluyo, koma anakhala pa udindowo m'boma miyezi itatu yokha asanatule pansi mu October 2024. Kontirakiti ya mlangizi wapadera kumeneko imatha tsiku limene nduna yake yachoka. Amene analowa ndi nduna yaikulu Liz Truss mu September 2022 anali akulongedza katundu mwezi wotsatira. Anthony Scaramucci anakhala mkulu wa zofalitsa nkhani ku White House kwa masiku osakwana 14 mu July 2017. Kuno maofesi a ku nyumba ya boma anasintha eni mu April 2012, mu 2014, mu June 2020 ndi pambuyo pa chisankho cha pa 16 September 2025. Amene amatuluka bwino ndi amene anasunga luso lina loti n'kubwererako. Dickson Jere, amene anali mneneri wa Rupiah Banda ku Zambia mpaka chipani cha MMD chitagonja mu 2011, analemba buku lofotokoza zimene anaona ku State House ndipo anakagwira ntchito ya uloya ku Lusaka.